Chidole cholira ngati khanda: chinapangidwa mwaluso, koma sichiteteza atsikana ku mimba

Pa zipangizo zonse zimene maboma, masukulu ndi mabungwe amagula pofuna kuchepetsa mimba za atsikana achichepere, palibe chimene chimakopa maso a anthu kuposa chidole chamagetsi cholira ngati khanda lenileni. Mtsikana wapasukulu amapatsidwa chidolechi Lachisanu masana n'kupita nacho kunyumba, ndipo mpaka Lolemba m'mawa amayenera kuchidyetsa, kuchisintha thewera ndi kuchitonthoza nthawi iliyonse imene chalira, usana ndi usiku womwe. Ganizo lake n'losavuta kumva: mtsikanayo akalawa kugona tulo tosakwana ndi kulira kosalekeza, adzazindikira kuti kulera mwana si masewera, ndipo adzadikira mpaka atakhwima. Zidolezi zikutsatsidwabe kwa akuluakulu a masukulu ndi a mabungwe othandiza achinyamata m'mayiko olemera ndi osauka omwe, choncho amene akuganiza zotulutsa ndalama ayenera kulekanitsa mafunso awiri amene otsatsa malonda amakonda kuwaphatikiza. Loyamba ndi lakuti, kodi chipangizochi chinapangidwa bwino? Lachiwiri ndi lakuti, kodi chimagwira ntchito imene anthu amachigulira? Pa funso loyamba ndikuvomera ndi mtima wonse, koma pa lachiwiri ndikukana, ndipo kukana kwangaku kwatsamira pa umboni umene ogula ambiri sauzidwa.

Mbiri ya chidolechi inayamba mu 1993 ku America, pamene Rick Jurmain, injiniya amene ankagwira ntchito za zombo zouluka m'mlengalenga, anaonera pulogalamu ya pa wailesi yakanema yosonyeza ana asukulu akunyamula mazira ndi matumba a ufa ngati makanda pophunzitsidwa za udindo wa kholo. Iye anaona kuti thumba la ufa silingadzutse munthu pakati pa usiku, ndipo atalimbikitsidwa ndi mkazi wake Mary anapanga chidole cholira chimene anachitcha Baby Think It Over. Kampani imene inachokera pamenepo lero imatchedwa Realityworks, ili ku Eau Claire m'chigawo cha Wisconsin, ndipo chidole chake chodziwika kwambiri ndi RealCare Baby. Zidole zoyambirira zinkangofuna kuti wophunzira alowetse kakiyi kumsana kwake n'kukagwira kwa kanthawi kuti kulira kuleke, koma zamakono zili ndi kakompyuta m'kati kamene kamalemba chilichonse chimene chachitika. Pofika mu 2016 zinkamveka kuti zidole za mtundu umenewu zikugwiritsidwa ntchito m'mayiko 89.

Munthu amene sanachigwirepo angaganize kuti n'choseweretsa cha ana, koma akachinyamula amazindikira msanga kuti opanga anaikapo mtima. Chimene ine ndinachiyesa chinkalemera pafupifupi makilogalamu 3, monga khanda lobadwa kumene, ndipo khosi lake linali lofewa moti ukachinyamula mosasamala mutu umagwera chagada, chidolecho n'kukuwa mofuula, kakompyuta kaja n'kulemba kuti mutu sunachirikizidwe. Wophunzira amavekedwa chibangili pamkono chimene sangachivule popanda kuchidula, ndipo chidolecho chikalira ayenera kuyamba wachikhudzitsa chibangilicho kuti chizindikire kuti wabwerayo ndi mwini wake. Anachita zimenezi pofuna kuti mtsikana asangosiyira mayi ake kapena mkulu wake ntchito yonse iye n'kukagona. Kulira kwake ndi mawu ojambulidwa a makanda enieni, ndipo sikukuuza chimene chavuta. Umayesa botolo, chikakana umayesa thewera, chikakananso umachiika paphewa n'kumachisisita kumsana mpaka chitageya, ndipo nthawi zina umayesa zonsezi koma chimangolirabe, chifukwa opanga anaikamo dala nyengo zimene khanda limangovuta popanda chifukwa chooneka. Kudyetsa kokha kumatenga nthawi yaitali, dzanja litatopa ndi kugwira botolo pakamwa pake, ukumvetsera kayamwidwe kake tulo tili m'maso, ndipo ukangolichotsa msanga kulira kumayambira pomwepo.

Lolemba m'mawa mphunzitsi amatulutsa lipoti pakompyuta, ndipo lipotilo silibisa kanthu. Limasonyeza nthawi imene chidole chinalira ndi kutalika kwa kulirako, chisamaliro chimene chinaphonyedwa, kangati mutu unasiyidwa kugwera kumbuyo, ngati chinagonekedwa molakwika, ngati chinasiyidwa pamalo ozizira kapena otentha kwambiri, ndiponso ngati wina anachigwedeza mwamphamvu atapsa mtima. Apa ndi pamene ndikuona phindu lenileni la chipangizochi. Kugwedeza khanda mwamphamvu kukhoza kuliwononga ubongo kapena kulipha kumene, ndipo kawirikawiri amene amachita zimenezi si anthu ankhanza mwachibadwa koma olera otopa amene kulira kwawafika m'khosi. Wophunzira amene waona m'lipoti lake kuti iye mwini anagwedeza chidole nthawi ya 3 koloko usiku amamva phunziro limeneli m'njira imene bolodi ndi choko sizingamupatse. Pali zidole zinanso za mtundu womwewu, china cha mutu woonekera m'kati chimene chimayatsa magetsi m'zigawo za ubongo zimene zavulala chikagwedezedwa, china chosonyeza maonekedwe a khanda limene mayi ake ankamwa mowa ali woyembekezera. Kwa ophunzira unamwino, kwa amene akukonzekera ntchito yolera ana, ndi kwa mabanja amene akudikira mwana wawo woyamba, zimenezi ndi zida zabwino zophunzirira.

Koma ambiri amene amagula zidolezi sazigulira kuphunzitsa kanyamulidwe ka khanda. Amazigula kuti atsikana achite mantha ndi mimba, ndipo pamenepa mpamene nkhani imasokonekera. Kwa zaka zambiri umboni umene unkaperekedwa unali wa mafunso amene ophunzira ankayankha atangobweza chidole, ndipo ambiri ankalemba kuti kulera mwana n'kovuta kuposa mmene ankaganizira ndi kuti adzadikira. Mayankho oterewa ndi osangalatsa kuwerenga m'lipoti lopita kwa opereka ndalama, koma amayeza mawu a mwana wotopa amene akudziwa bwino lomwe chimene aphunzitsi ake akufuna kumva. Sayeza zimene zidzachitike patapita zaka zitatu kapena zisanu, mtsikanayo ali ndi chibwenzi, sukulu itamuvuta, kapena kunyumba kulibe chakudya. Funso loyenera n'lakuti, mwa atsikana amene anasunga chidole, ndi angati amene anatenga mimba asanakule poyerekeza ndi anzawo amene sanachisunge?

Funso limeneli linayankhidwa ndi kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Perth, kumadzulo kwa Australia, motsogoleredwa ndi Sally Brinkman wa ku Telethon Kids Institute, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Pakati pa 2003 ndi 2006 masukulu 57 anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. M'masukulu 28 atsikana a zaka 13 mpaka 15 analowa pulogalamu yotchedwa Virtual Infant Parenting, imene inali ndi maphunziro ochititsidwa ndi anamwino a pasukulu, buku lolembamo, kanema wa atsikana obereka akufotokoza za moyo wawo, ndi kusunga chidole kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. M'masukulu 29 otsalawo atsikana anangophunzira za umoyo monga mwa masiku onse. Chimene chikupatsa kafukufukuyu mphamvu n'chakuti ofufuzawo sanadalire zonena za atsikanawo, koma anawatsatira mpaka atakwanitsa zaka 20 pogwiritsa ntchito zolemba za m'zipatala.

Zimene anapeza zinadabwitsa anthu ambiri. Mwa atsikana 1,267 amene anasunga chidole, 97 anabereka asanafike zaka 20, kutanthauza 8 pa 100 aliwonse, pamene mwa atsikana 1,567 amene sanachisunge, obereka anali 67, kutanthauza 4 pa 100 aliwonse. Amene mimba yawo yoyamba inachotsedwa anali 113 m'gulu la chidole ndi 101 m'gulu linalo, kapena kuti 9 ndi 6 pa 100 aliwonse. Tikaphatikiza zonse, atsikana 17 pa 100 a m'gulu la chidole anatenga mimba, poyerekeza ndi 11 pa 100 a m'gulu lopanda chidole. Ofufuzawo ataganizira za kusiyana kwa mabanja a atsikanawo pa chuma ndi pa zinthu zina zotere, kusiyanako kunachepako koma sikunathe, ndipo mwayi wotenga mimba unali wokwerabe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa amene anasunga chidole. Chipangizo chimene chinagulidwa kuti chichepetse mimba sichinazichepetse, ndipo zikuoneka kuti mwina chinaziwonjezera.

Chilungamo chikufuna kuti tinenenso zofooka za kafukufukuyu. Kampani ya Realityworks inatsutsa zotsatirazo ponena kuti pulogalamu ya ku Australia sinatsatire maphunziro athunthu amene kampaniyo inakonza kuti aziyendera limodzi ndi chidole, ndipo n'zoona kuti imene inayesedwa inali pulogalamu yosinthidwa. N'zoonanso kuti pafupifupi theka lokha la atsikana oyenera ndi amene anavomera kutenga nawo mbali, choncho n'kutheka kuti m'masukulu a chidole amene anadzipereka msanga anali atsikana okonda kale makanda. Kafukufuku mmodzi wa mumzinda umodzi sangathetse nkhani yonse, ndipo ine sindingalumbire kuti chidole chimachulukitsa mimba kulikonse kumene chafika. Komabe udindo wopereka umboni uli kwa wogulitsa, osati kwa wogula. Amene akunena kuti katundu wake amateteza atsikana ndiye ayenera kusonyeza kuti kwinakwake mimba zinachepa chifukwa cha katunduyo, ndipo pa mayeso aakulu amene anawerenga mimba zenizeni, chidole chinalephera.

N'chifukwa chiyani chinalephera? Chifukwa chimodzi aliyense amene anaonapo mtsikana akuyenda ndi chidolechi angachimvetse. Amene ankadutsa osaonedwa ndi munthu, tsiku limenelo amazunguliridwa ndi anzake ofuna kunyamulako, kunyumba azakhali ndi agogo amasekerera, m'basi anthu amamufunsa mafunso ndi kumupatsa malo okhala. Kwa mtsikana amene m'kalasi amangomva zomudzudzula ndipo kunyumba palibe amene amamuyamikira, masiku amenewa akhoza kukhala oyamba kuona kuti ali ndi phindu pamaso pa anthu. Kenako Lolemba lipoti limatuluka ndi malikisi apamwamba, mwina apamwamba kuposa onse amene anapezapo m'masamu kapena m'sayansi, ndipo phunziro limene iye watola ndi lakuti ntchito imeneyi angaikwanitse. Chidole sichidwala, sichikula, sichifuna zovala zatsopano kapena fizi, sichithetsa sukulu ya munthu, ndipo pakatha masiku awiri chimabwezedwa m'bokosi. Zowawa zenizeni za kubereka uli mwana sizili m'kulira kwa usiku kokha, koma m'zaka zambiri zimene zimatsatira, ndipo zimenezo palibe kakompyuta kamene kangaziyerekeze.

Julie Quinlivan, dokotala wa amayi oyembekezera amene analemba ndemanga yake pa kafukufukuyu m'magazini yomwe ija ya The Lancet, anaonjezera mfundo zina ziwiri zimene ndikugwirizana nazo. Yoyamba ndi yakuti mapulogalamu otere amaiwala anyamata ndi abambo, ngati kuti mtsikana amatenga mimba payekha. Yachiwiri ndi yakuti mimba za atsikana kawirikawiri ndi chipatso cha mavuto amene anayamba kale mwanayo ali wamng'ono, monga umphawi, nkhanza ndi kutsalira pamaphunziro, moti pofika zaka 14 kumubwereka chidole kwa masiku awiri n'kuchedwa. Vuto lalikulu la chipangizochi lili pa maziko ake. Chimaganiza kuti atsikana amatenga mimba chifukwa sadziwa kuti khanda ndi lovuta. Koma atsikana ambiri padziko lapansi akhala akulera ang'ono awo kuyambira ali aang'ono iwo eni, amadziwa fungo la thewera ndi kulemera kwa mwana wodwala kuposa amene anapanga chidolecho.

Kukula kwa vutoli kukusonyeza chifukwa chake ndalama siziyenera kutayidwa pa zinthu zongosangalatsa maso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse atsikana pafupifupi 21 miliyoni a zaka 15 mpaka 19 amatenga mimba m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi theka la mimbazo ndi zosakonzekera, ndipo pafupifupi 12 miliyoni amabereka. Zinthu zakhala zikusinthako, pakuti padziko lonse mu 2000 atsikana 64.5 pa 1,000 aliwonse a msinkhu umenewu ankabereka pachaka, pamene mu 2023 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 41.3, koma kutsikaku sikunafanane m'madera onse, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi ku Latin America chiwerengero chikadali chokwera. Mtsikana wobereka thupi lisanakhwime amakhala pangozi yaikulu ya kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka ndi ya matenda obwera atachira, ndipo mwana wake amakhala pangozi yobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Zimene zimabweretsa mimbazi n'zodziwika: maukwati a ana, kugwiriridwa, kusiya sukulu, umphawi umene umakankhira atsikana kwa amuna achikulire, kusadziwa za thupi lawo, ndi kusowa kwa njira zakulera kapena manyazi amene amachititsidwa akapita kukazifuna. Malangizo atsopano amene WHO inatulutsa mu 2025 akutsindika pa kuthetsa maukwati a ana, kusunga atsikana pasukulu ndi kuwafikitsira chithandizo cha uchembere. Pa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chidole chimakhudza. Mtsikana amene akukakamizidwa ndi mwamuna wamkulu sapulumuka chifukwa chakuti anagona mochedwa Loweruka lina.

Poyeza katundu aliyense, munthu ayenera kufunsa zimene ndalama zomwezo zikanagula kwina, ndipo pano kuyerekeza kumeneku n'kopweteka. Kumadzulo kwa Kenya, akatswiri a zachuma Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anachita kafukufuku m'masukulu a pulayimale 328, ndipo anapeza kuti kungopereka yunifolomu yaulere kunachepetsa kusiya sukulu, n'kutsitsa mimba za atsikana kuchoka pa 16 kufika pa 13 pa 100 aliwonse m'zaka zitatu. M'kafukufuku yemweyo, maphunziro a boma okhudza HIV amene ankatsindika za kudziletsa mpaka ukwati sanachepetse mimba pa iwo okha. Dupas anayesanso chinthu china chaching'ono kwambiri, chimene ndi kuuza atsikana zoona zake kuti kachilombo ka HIV n'kofala kwambiri mwa amuna achikulire kuposa mwa anyamata a msinkhu wawo. Phunziro losakwana ola limodzi limeneli linachepetsa kubereka kwa atsikanawo ndi 28 peresenti, makamaka mimba zochokera kwa zidyamakanda. Chimene chikundigwira mtima pa zitsanzo ziwirizi n'chakuti palibe pamene mtsikana anaopsezedwa. Mmodzi anapatsidwa chovala chomuthandiza kukhalabe m'kalasi, wina anapatsidwa mfundo yoona imene sankaidziwa, ndipo onse anasankha okha.

M'mayiko olemera phunziro lake ndi lomweli. Boma la Britain linakhazikitsa ndondomeko ya zaka 10 mu 1999 pofuna kuchepetsa ndi theka mimba za atsikana osakwana zaka 18 ku England. Ndondomekoyo inaphatikiza maphunziro abwino a zakugonana ndi maubwenzi m'masukulu, zipatala zolandira achinyamata mwaulemu ndi mwachinsinsi, mauthenga opita kwa achinyamata ndi makolo, ndi chithandizo choti atsikana obereka abwerere kusukulu. Chaka cha 2010 chinafika cholinga chisanakwaniritsidwe, koma chiwerengero chinapitiriza kutsika, kuchoka pa 46.6 pa atsikana 1,000 aliwonse mu 1998 kufika pa 22.8 mu 2014. Ku Colorado, m'dziko la America, zipatala zothandizidwa ndi boma zinayamba mu 2009 kupereka lupu ndi kachipangizo kolera koika pamkono kwaulere kapena pa mtengo wotsika, ndipo pofika mu 2014 kubereka kwa atsikana kunali kutatsika ndi pafupifupi theka, ngakhale kuti gawo lina la kutsikako linkachitikanso m'dziko lonselo. Akatswiri a bungwe la Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza zambiri, anapeza kuti maphunziro amathandiza akaphatikizidwa ndi kupezeka kwa njira zakulera, ndi kuti thandizo losunga ana pasukulu likhoza kuchepetsa mimba pamene maphunziro a m'kalasi okha alephera. Zonsezi ndi ntchito zapang'onopang'ono, zotenga zaka, ndipo sizikongola pa chithunzi.

Ndikukhulupirira kuti kukongola pa chithunzi ndiko kukugulitsa zidolezi. Mkulu wa bungwe akaimirira pamaso pa atolankhani ndi atsikana atanyamula makanda apulasitiki, aliyense amaona kuti chinachake chikuchitika, pamene namwino amene wakhala mochedwa kuti alankhule ndi mtsikana mmodzi m'chipinda chotseka palibe amene angamujambule. Chidole chimapatsanso akuluakulu mpata wokamba za mimba popanda kutchula kugonana, makondomu kapena kulera, nkhani zimene makolo ndi aphunzitsi ambiri amazizemba. Mwina ichi ndicho chinyengo chake chachikulu, chifukwa sukulu imene yagula zidole imakhala ngati yakwaniritsa udindo wake, pamene ophunzira ake sanauzidwebe mmene mimba imayambira, nthawi imene angatenge mimba m'mwezi, kapena kumene angapite mwachangu ngati agwiriridwa.

Palinso nkhani ya atsikana amene anabereka kale, amene sakumbukiridwa kawirikawiri pokonza mauthenga oopseza. Mu 2013 mzinda wa New York unapachika zikwangwani za makanda olira zokhala ndi mawu odzudzula makolo achichepere, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito ndi achinyamata anadandaula kuti zikwangwanizo zinkachititsa manyazi atsikana amene ankafunika thandizo. Chidole si chankhanza chotero, koma chikaperekedwa ngati chilango choyerekeza, uthenga wake umafanana ndi umenewo. M'kalasi imene muli mtsikana amene wangobwerera kusukulu atabereka, phunziro lakuti khanda ndi tsoka limene limagwera opusa limagwera pa iye, anzake onse akumuyang'ana. Ndondomeko iliyonse yabwino imafuna kuti mtsikana wotereyu amalize sukulu ndi kupewa mimba yachiwiri, ndipo manyazi ndiwo amamubweza kunyumba msanga.

Za kasamalidwe ka katunduyu ndingonena mwachidule. Zidolezi ndi zokwera mtengo, zimafuna kutchajidwa, zimafuna kompyuta yokhala ndi pulogalamu yake, ndipo zibangili, mabotolo ndi matewera ake apadera amatayika kapena kutha n'kufuna kugulidwanso. Popeza sukulu singagule chidole cha wophunzira aliyense, zochepa zimene zilipo zimazungulira sabata ndi sabata, ndipo mphunzitsi kapena namwino mmodzi amathera nthawi yake pa kugawa, kulandira, kupukuta ndi kusindikiza malipoti. Nthawi ya munthu ameneyo nayonso ndi mtengo, ndipo pa sukulu zambiri ndi yosowa kuposa ndalama.

Sindikunena kuti titaye nkhwangwa ndi mpini womwe. Sukulu ya anamwino, malo ophunzitsa olera ana, chipatala chimene chimakonzekeretsa makolo oyembekezera, ngakhale pulogalamu yothandiza atsikana amene ali kale ndi mimba, onsewa akhoza kugula chidolechi n'kupindula nacho, chifukwa cholinga chawo ndi chimene chipangizochi chimachita bwino: kuphunzitsa manja kuchirikiza mutu wa khanda, kuphunzitsa makutu kupirira kulira, ndi kuphunzitsa wolera wotopa kuti agoneke mwana pamalo otetezeka n'kutuluka kaye m'malo momugwedeza. Sukulu imene inagula kale zidole ikhoza kuzigwiritsa ntchito motero, ndipo ndingalangize kuti anyamata azipatsidwa mofanana ndi atsikana, kuti phunzirolo lichoke pa kuopseza atsikana n'kukhala la kulera ana, kumene ndi udindo wa onse.

Koma kwa boma, sukulu kapena bungwe limene cholinga chake cholembedwa ndi kuchepetsa mimba za atsikana, malangizo anga ndi akuti musagule. Wotsatsa akabwera ndi chidole chake n'kuchiliritsa pamsonkhano wanu, aliyense adzaseka ndi kufuna kuchinyamula, monga ine ndinachitira, koma mufunseni akusonyezeni malo amene atsikana anawerengedwa patapita zaka, osati patapita masiku, ndi kupezeka kuti mimba zinachepa. Akakupatsani mayankho a ophunzira onena kuti anatopa ndipo adzadikira, mukumbutseni za atsikana 2,834 a ku Perth amene anatsatiridwa mpaka zaka 20. Kenako tengani ndalama zimene munakonzera zidolezo muwerengere kuti zingalipire mayunifolomu angati, zingaphunzitse aphunzitsi angati kukamba za thupi mosazemba, kapena zingatsegule chipatala cha achinyamata kwa maola angati madzulo, ophunzira ataweruka.